Chingerezi Choingitsira Mpheta

Kuchigwa cha Phalombe, kumene mphepo imabwera ndi fungo la matope a ku Chilwa, mwezi wa Epulo si wa anthu ofatsa. Mpunga ukangoyamba mkaka, dambo lonse limasokosera ngati msika. Aliyense amakhala pa nsanja yake, kukoka chingwe cha zitini, kuponya mibulu ya dothi ndi legeni, kukuwa mpaka mawu kusasa. Ndayenda malo ambiri, koma ndi kumeneko kokha kumene ndinamva za munthu woingitsa mpheta m'Chingerezi. Nkhani yake ndinaitola zidutswazidutswa, china kwa a Kaliati amene ankamuphunzitsa, china kwa mlamu wake, ndipo ndailumikiza mmene ndathera.

Dzina lake anali Noah. Kwawo kunali kwa Chiwalo, kumene amalima chimanga ndi nandolo, koma anakwatira kudamboko, ndiye anamanga nyumba kuchikamwini, kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Fizi itachotsedwa ku pulayimale mu 1994, ana n'kusefukira m'masukulu, Noah anali mmodzi mwa anyamata amene anatengedwa kuti aziphunzitsa asanapite ku koleji. Ankaphunzitsa Sitandade 2 pansi pa mtengo wa mango. Satifiketi ya Fomu 4 analibe. Masamu anakhoza, zaulimi anakhoza, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo popanda Chingerezi pepalalo silituluka. Mu 1996 analembetsanso kuti alembe payekha, chifukwa aphunzitsi anzake ankanong'onezana kuti tsiku lina kudzakhala kupeta, ndipo oyamba kuuluka adzakhala opanda pepala.

Chimene chinkamuzunguza mutu kwambiri chinali timawu toyenda tiwiritiwiri tija timene eni ake amati phrasal verbs. N'chifukwa chake ankapita kwa a Kaliati, mkulu amene anakalambira pa ukalaliki ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. A Kaliati ankati Mngerezi ali ndi mawu ochepa, koma amawagwiritsa ntchito ngati njinga imodzi ya pamudzi. Njinga ndi yomweyo, lero yanyamula thumba la makaka a chinangwa, mawa yanyamula wodwala. Look ndi kuyang'ana. Ukamangirira after kumbuyo kwake, wasanduka kusamala. Ukamangirira for, ndi kufunafuna. Ukamangirira into, ndi kufufuza nkhani.

Mkuluyu anali ndi lamulo limodzi. Sankalandira chiganizo chopeka.

"Za John ndi Mary uzisiye m'bukumo, mphwanga," ankatero. "Undiuze za iwe, zoona zokhazokha. Mawu amene wanenera bodza sakhala m'mutu."

Vuto linali loti Chingerezi cha a Kaliati chinkapezeka m'mawa mokha. Dzuwa likafika pamutu ankalowera kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndipo pofika madzulo chotsala chinali nyimbo za ku esiteti. Koma m'mawa ndi nthawinso ya mpheta.

Apongozi a Noah anali mayi wamasiye, wochepa thupi, wosakonda kuseka. Anali ndi minda iwiri ya mpunga kumapeto kwa dambo, waukulu wa kuseri kwa bango ndi kena kakang'ono pambali pake kamene anawokera mochedwa. Anali atanena pamaso pa mlongo wawo, a Julius, kuti akakolola chaka chimenecho munda waukuluwo udzakhala wa Lenia, mkazi wa Noah, popeza anali woyembekezera ndipo banja lake linkayenera kukhala ndi pogwira. Zelifa, mng'ono wake wa Lenia, anayenera kudikira kaye.

Pa holide ya Pasaka, Lenia ndi Noah ankasinthana kulondera munda waukuluwo, lero uyu, mawa uyo. Likakhala tsiku la Lenia, Noah ankapalasa njinga kupita kwa a Kaliati. Likakhala lake, ankakwera nsanja ndi zimene waphunzira dzulo, n'kumazigenda pa mbalame.

"Go away! Clear off! Give up!"

Olondera minda ina ankafa nako kuseka. Ankati mpheta za kwa aphunzitsi nazonso zikalemba mayeso, ndipo mwina zikawaposa eni ake. Koma mbalamezo zinkathawa ndithu, ndipo mawuwo ankakhazikika m'mutu mwa Noah kuposa mmene ankakhalira akamawerenga chamumtima.

Amene sankaseka anali a Julius. Iwo ankati mkamwini wopita kumunda atapanira buku m'khwapa sanamuonepo. Nkhokwe sanaluke, denga la apongozi likudontha iye ali pomwepo. Ankanena poyera kuti akadzangolakwitsa kamodzi, adzaitanitsa ankhoswe a kwa Chiwalo kuti adzatenge munthu wawo. Lenia anawamva mawu amenewa, ndipo anawasunga.

Ndinenenso ichi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Noah ndi apongozi ake sankayankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira mu udzu mpaka wina adutse. Noah akafuna kubwereka khasu, ankauza Lenia, Lenia n'kukafikitsa mawuwo kwa amayi ake, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Chikwatirireni, mawu onse a pakati pa awiriwa ankadutsa pakamwa pa Lenia.

Tsiku limene zinthu zinalakwika linali la Noah. Lenia ankapita ku sikelo. Apongozi ndi Zelifa anali atapita kumaliro kwa Nazombe. Dzulo lake a Kaliati anali atatumiza uthenga woti apeza pepala la mayeso a chaka chatha, abwereka kwa mphunzitsi wina wa ku sekondale, ndipo ayenera kubweza masana. Noah sanamuuze Lenia. Analawira kumunda, anasolola tepi ya kaseti yakufa n'kuimanga pa timitengo kuzungulira munda wonse, kuti izinyezimira ndi kulira mphepo ikamawomba. Anazika ndodo pansanja n'kuiveka malaya ake. Anadziuza kuti abwerera dzuwa lisanatenthe.

Kwa a Kaliati zinthu zinamuyendera bwino kuposa masiku onse. Mafunso ambiri anakhoza. Atafika pa look after, anayankha mosaganiza n'komwe.

"I look after my mother-in-law's rice."

A Kaliati anawomba m'manja, nati ameneyo ndiye mkamwini. Anapitiriza tsamba lina, kenaka lina. Noah anadzidzimuka ataona mkuluyo akufunafuna chipewa chake chopitira ku kachasu.

Akuyandikira bango lija anamva phokoso longa la mvula pa denga la malata. Mphepo inali itaima. Tepi ija inangolendewera ngati ulusi wa kangaude. Anthu onse a m'dambo anali ataingitsa mbalame m'minda mwawo m'mawa wonse, ndipo mbalamezo zinakatera kumene kunali zii. Zina zinali zitatera pa malaya aja. Atakuwa, munda wonse unanyamuka ngati utsi, ndipo pansi panatsala ngala zoyera, zofinyidwa mkaka, mankhusu okhaokha. Mpunga wabwino unangotsala kachigawo ka pafupi ndi nsanja.

Lenia anamupeza atakhala pamatope, atagwira mutu. Anayenda pang'onopang'ono m'munda monse, dzanja lina pa chiuno, akufinya ngala apa ndi apo. Sanalire. Anamufunsa kumene anali, ndipo Noah anamuuza. Lenia anakwera nsanja movutikira, anavula ndodo ija malaya n'kumuponyera.

"Valani. Linali tsiku langa."

"Iyayi, Lenia."

"Linali tsiku langa, ndinapita ku sikelo osauza munthu. Amalume akudikira chomwechi. Ine sangandithamangitse, kuno n'kwathu. Kapena mukufuna mwanayu adzabadwe bambo ake ali kwa Chiwalo?"

Noah anavala malayawo. Panali ndowe za mbalame paphewa. Sanavomere, koma sanakanenso kachiwiri.

Apongozi atabwera kumaliro anapita kukaona okha. Pobwerako anamuitana Lenia pabwalo. Noah anali m'nyumba mwake, khoma lokha pakati, ndipo anamva mkazi wake akunena bodza lija ndi mawu osanjenjemera. Mayiwo anayamba m'Chichewa, anamaliza m'Chilomwe, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anasiya zimene ankachita. Anamutcha waulesi, wosaganiza, mwana amene angasiye khanda pachitsime n'kumakacheza. Pomaliza anati munthu wolephera kulondera munda m'mawa umodzi sangapatsidwe munda. Ukhala wa Zelifa.

M'mawa mwake Lenia analowa m'nyumba atanyamula chipanda cha thobwa. Anachiika patsogolo pa mwamuna wake, anagwada monga mwa masiku onse, n'kunena uthenga mmene anaupatsidwira. Amayi akuti zikomo chifukwa cha masiku onse amene munakuwa kumunda mpaka mawu kusasa. Akuti likanakhala tsiku lanu sizikanachitika. Akuti mumwe, mufewetse kukhosi.

Noah anachiyang'ana chipandacho nthawi yaitali.

"Imwani," anatero Lenia. "Akaona chabwerera chodzaza afunsa."

Anamwa. Thobwalo linali lotsekemera bwino, la mawere, ndipo linatsika ngati mchenga.

Masiku otsatira anali olemera. Pa mjigo amayi ankamufunsa Lenia ngati ku sikelo anamuuza kuti mwanayo adzadya mankhusu. Iye ankangoseka nawo, n'kusenza ndowa yake. Anayamba kupita kukathandiza kudula mpunga m'minda ya anthu amene unacha msanga, kuti azimupatsako wa mbewu abwezere amayi ake. Ankabwera madzulo mapazi atatupa. A Julius, amene kale ankangodutsa, anayamba kumupatsa moni Noah, mpaka tsiku lina anamuuza kuti pepani, mwana wathuyu tinamulera molekerera. Noah anayankha kuti palibe kanthu, ndipo atachoka mkuluyo anapita kuseri kwa nyumba n'kukaima kumeneko osadziwa chimene wapitira.

Anamupempha Lenia kuti akanene zoona kwa amayi ake. Anamupempha kangapo. Lenia ankakana mofatsa, akupitiriza kusenda chinangwa kapena kupeta.

"Mawu ena onse ndikunyamulirani. Amenewo ayi."

"Nanga ndinena bwanji ine?"

"Musanene."

Njira ina panalibe. Kutuma Zelifa kunali kumuuza kuti akabweze yekha munda umene wangolandira kumene. Kuitana ankhoswe kunali kuyambitsa mlandu womwe Lenia ankauthawa. Kupita yekha kukakhala pamaso pa apongozi n'kutsegula pakamwa kunali chipongwe china pamwamba pa choyambacho. Choncho ankadya, ankagona, ankapita kukalondera kachigawo kotsala kaja, ndipo anthu ankamumvera chisoni kuti anakwatira mkazi wosasamala.

Kwa a Kaliati anapitabe, poti mayeso anali pafupi. Tsiku limenelo mkuluyo anali atakonza mawu anayi. A Kaliati anandilumbirira kuti sanasankhe dala, akuti anali mawu amene Noah analakwitsa pa pepala lija. Ine sindinawakhulupirire kwenikweni, chifukwa ankanena akuyang'ana kumbali. Anafotokoza limodzilimodzi. Let down ndi kumugwiritsa mwala munthu amene amakudalira. Cover up for ndi kumubisira mnzako cholakwa chake. Get away with ndi kulakwa n'kupulumuka osagwidwa. Own up ndi kuvomera wekha kuti ndine ndinachita.

"Tiye nazo. Let down."

Noah anayang'ana pansi. Nkhuku ya a Kaliati inkatola nyerere pafupi ndi phazi lake.

"John let his friend down."

"John wake uti? Wa kwa yani? Ine John wa m'mudzi muno sindikumudziwa."

Noah anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anati lero mutu sukugwira. A Kaliati anati mutu ulibe vuto, chiganizo chomwe ananena chinali cholondola, kungoti sichinali chake. Anamuuza kuti apite, adzabwere akapeza chake, ndipo anavala chipewa ngakhale dzuwa linali lisanafike pamutu.

Pa nthawi imeneyo kamunda kakang'ono kaja kanali katayamba mkaka. Apongozi anati sakhulupiriranso munthu, azilondera okha. Ndiye m'mawa uliwonse ankakhala pa nsanja yawo, Noah pa yake, pakati pawo pali mzere wa bango ndi ngalande, aliyense atafulatira mnzake. Mawu ankamveka bwinobwino mbali zonse. Mayiwo ankaingitsa mbalame m'Chilomwe, Noah m'Chingerezi.

M'mawa umenewo Lenia anadzuka movutika, nsana ukumupweteka, komabe anatenga chikwakwa n'kupita kumunda wa eni. Noah anamuona akuzimirira m'njira ya kudambo, akuyenda motagaza miyendo, n'kuima pang'ono kuti apume. Atakwera nsanja yake anakoka chingwe cha zitini, anatsegula pakamwa kuti akuwe zimene anaphunzira, koma m'mutu munangobwera mawu anayi aja. Gulu la mpheta linkazungulira pamwamba pa bango. Pa nsanja munthu amakuwa chilichonse chimene wafuna, ndipo palibe amene amati wayankhula ndi wakutiwakuti. Noah anaimirira, anayang'ana mbalamezo, nayamba m'Chichewa.

"Mpheta inu! Mukundidziwa ine. Tsiku lija munadya mpunga uno linali tsiku langa. Silinali la Lenia. Lenia anapita ku sikelo atandisiyira munda m'manja. Ine ndinakusiyirani malaya pa ndodo n'kupita kwa a Kaliati kukaphunzira Chingerezi. Lenia wasenza mlandu wanga kuti ndisathamangitsidwe, ine n'kukhala chete. Mwamva, mpheta inu?"

Zitini za m'minda yoyandikana zinasiya kulira, uku kenaka uko, mpaka dambo lonse la mbali imeneyo linati zii. Mbalame zija, poona kuti palibe wozikuwira, zinayamba kutera m'kamunda ka apongozi. Noah sanatembenuke. Ankangomva kulira kwa mbalamezo.

Patapita nthawi, chingwe cha kuseri kwa bango chinakokedwa mwamphamvu kamodzi, zitini n'kulira. Mawu a mayiwo anabwera m'Chichewa, osakweza kwambiri, koma omveka.

"Mpheta inu, mkaka wa mpunga wanga munamwa. Thobwa langa munamwanso. Mwana wanga ndamutukwana pamaso pa anthu ali ndi pakati, inu muli phee m'nyumba. Nyamukani. Kwanu mukukudziwa. Mukabwere ndi akuluakulu anu."

Atatero anayambiranso kukuwa m'Chilomwe monga kale, ndipo zitini za minda ina zinayambiranso chimodzichimodzi.

Nkhani inafika kwa Lenia Noah asanafike kunyumba. Anamupeza atakhala pakhonde, chikwakwa chili pambali, manja ali pa mimba. Lenia sanamuyang'ane.

"Ndiye manyazi onse aja ndinawasenzera chiyani?"

"Mundawo ndi wako, Lenia."

"Ndinakuuzani kuti ndikufuna munda?"

Lenia anadzuka, analowa m'nyumba, anasonkhanitsa mabuku a Noah ndi malaya awiri n'kuziika m'thumba la feteleza. Anaikamonso chinangwa chophika chokulunga m'tsamba la nthochi. Anamanga thumbalo pa kaliyala ya njinga yekha, mfundo ziwiri zolimba, n'kubwerera m'nyumba osatsanzika.

Njira ya kwa Chiwalo inkadutsa pakhomo pa a Kaliati. Mkuluyo anali pampando wake wa ndalema, asanavale chipewa. Anaona thumba pa kaliyala, ndipo sanafunse. Noah anaima pamsewu atagwira njinga.

"I let my wife down," anatero. "She covered up for me."

"Zakhoza zonse ziwiri. Get away with?"

"Chimenecho ndilibe chiganizo chake."

A Kaliati anagwedeza mutu, nati chimenecho angochiloweza mmene chilili m'buku. Anamuuza kuti azibwerabe m'mawa, mayeso sadikira milandu. Noah anakwera njinga n'kupita.

Madzulo a tsiku lomwelo apongozi anaitana a Julius ndi ana awo onse awiri, nanena kuti munda wa kuseri kwa bango ndi wa Lenia monga ananenera poyamba. Zelifa anandiuza yekha kuti zinamupweteka, poti anali atayamba kale kuuyendera ngati wake. Anandiuzanso kuti amayi ake anaphikira Lenia nkhuku sabata imeneyo, koma mawu opepesa sanawatulutse, ndipo Lenia anadya osayankhula.

Ankhoswe a kwa Chiwalo anachedwa kubwera, ndipo atabwera a Julius anati nkhaniyo siingathe tsiku limodzi. Mwana anabadwa bambo ake ali kwa Chiwalo, mmene Lenia ankaopera. Noah anamuona koyamba ku chipatala, ataima pakhomo la wodi, chifukwa apongozi anali atakhala pambali pa bedi. Mayeso analembera komweko kwawo. Mmene ine ndinkachoka m'deralo zotsatira zinali zisanatuluke.

Ndinadutsanso kudamboko mvula itagwa, nthawi yowokera. Lenia anali m'munda waukulu uja, madzi m'miyendo, mwana kumbuyo, akuwokera mbande. Cha kumapeto kwa munda mwamuna wina ankazika mitengo ya nsanja yatsopano, ngakhale nthawi ya mbalame inali kutali. Zelifa anati ndi Noah, amabwera m'mawa uliwonse asanapite kukaphunzitsa, amagwira ntchito imene wapeza, madzulo n'kupalasa kubwerera kwa Chiwalo, poti mlandu sunathe. Ndinamufunsa ngati Lenia amamuyankhula.

"Amamubweretsera madzi akumwa," anatero Zelifa. "Thobwa sanayambe."